Kodi dokotala asiye wodi chifukwa chokonda kulemba mapulogalamu a pakompyuta?

Funso: Ndine dokotala ndipo ndagwira ntchito m'chipatala kwa zaka zingapo. Ndikaweruka ndimalemba timapulogalamu ta pakompyuta pongofuna kudzisangalatsa, ndipo posachedwapa ndinapanga kapulogalamu ka pafoni kowerengera mlingo wa mankhwala a ana, komwe anzanga akuntchito ayamba kundipempha kuti nawonso azigwiritsa ntchito. Ntchito ya mu wodi yanditopetsa ndipo ndikuganiza zoisiya kuti ndikalowe m'makampani opanga mapulogalamu a zaumoyo. Kodi ndiyambire pati, nanga zaka zonse zomwe ndinaphunzira udokotala zipita pachabe?

Yankho: Adokotala, ndiyambe ndi mbali yomalizira ya funso lanu chifukwa ndi yosavuta kuyankha. Zaka zanu za udokotala sizipita pachabe, ndipo kunena zoona ndi chinthu chachikulu chomwe makampani ndi mabungwe opanga mapulogalamu a zaumoyo angakufunireni. Anthu odziwa kulemba mapulogalamu alipo ambiri, ndipo ena anayamba ali pasukulu n'kumachita zimenezi tsiku ndi tsiku pa nthawi yomwe inu munali kuloweza mayina a mitsempha ndi kuchezera mu wodi. Mukapita kukapikisana nawo pa ntchito yawoyo, mudzayambira pansi penipeni, ndipo palibe amene adzakuwonjezereni ulemu kapena malipiro chifukwa choti mumadziwa kuwerenga ECG, chithunzi cha kagundidwe ka mtima. Amene ali wosowa ndi munthu wodziwa chifukwa chake namwino wa usiku amayamba walemba kuthamanga kwa magazi pa kapepala kapena padzanja asanakalowetse mu kompyuta, komanso woti akhoza kutsegula khodi, yomwe ndi malangizo olembedwa opanga pulogalamu, n'kumvetsa zomwe mainjiniya alemba. Munthu ameneyo ndi amene muyenera kufuna kukhala.

Zikatero muyenera kudziwiratu kuti ntchito ya dokotala mu kampani yotereyi si kulemba khodi tsiku lonse. Nthawi yambiri imathera pa kufotokozera mainjiniya momwe wodwala amayendera kuchoka pa khomo la chipatala mpaka kutuluka, kulemba zomwe pulogalamu iyenera kuchita ndi zomwe isachite, kundandalika ngozi zomwe zingagwere wodwala ngati china chake chalakwika, kuyesa pulogalamu isanatulutsidwe, komanso kuphunzitsa madokotala ndi anamwino omwe nthawi zambiri safuna n'komwe kuiona. Gawo limeneli lili ndi dzina lake, clinical informatics, ndipo ku United States linavomerezedwa kukhala ukatswiri wa madokotala mu 2011, mayeso ake oyamba n'kulembedwa mu 2013. Ku England kuli malamulo awiri, DCB0129 ya opanga mapulogalamu ndi DCB0160 ya zipatala zowagwiritsa ntchito, omwe amafuna kuti pakhale munthu wa zachipatala wolembedwa m'kaundula wa bungwe lake woyang'anira chitetezo cha odwala pa pulogalamu iliyonse. Onani kuti ngakhale kumeneko chomwe chimatsegula khomo ndi chiphaso chanu cha udokotala. Choncho ngati chomwe mumakonda madzulo ndi bata la kukhala nokha ndi vuto lomwe limatheka mukalilimbikira, popanda wina wokuitanani kapena wokutsutsani, ndikuchenjezeni kuti bata limenelo simukalipeza kumeneko. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yomwe mukuiganizirayi si yachilendo. Dokotala Lawrence Weed, yemwe mu 1968 anafalitsa maganizo ake oti mbiri ya wodwala izilembedwa potsata mavuto a wodwalayo, ndi amene anatipatsa kalembedwe ka SOAP (zonena wodwala, zopeza pomupima, maganizo a dokotala, ndi zoti zichitike) komwe inu mumagwiritsa ntchito poyendera odwala mu wodi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anatsogolera ntchito yopanga pulogalamu yosungira mbiri ya odwala ya PROMIS ku yunivesite ya Vermont. Chinenero cha pakompyuta cha MUMPS chinabadwira mu labotale ya dokotala Octo Barnett ku Massachusetts General Hospital cha m'ma 1966, ndipo mbewu zake zikugwirabe ntchito mpaka lero m'mapulogalamu akuluakulu osungira mbiri ya odwala. Pulogalamu yosungira mbiri ya odwala ya OpenMRS inayambika mu 2004 pamene madokotala Paul Biondich ndi Burke Mamlin a ku Regenstrief Institute anagwirizana ndi Hamish Fraser wa ku Partners In Health, pofuna njira yosungira mbiri ya anthu olandira mankhwala a HIV, ndipo inayamba kugwira ntchito ku Eldoret m'dziko la Kenya. Chomwe ndimaona mwa anthu amenewa n'chakuti sanapite ku kompyuta pothawa odwala. Anapitako chifukwa panali vuto lenileni la odwala lomwe mapepala analephera kulithetsa, ndipo vutolo analidziwa bwino chifukwa ankakumana nalo pa ntchito yawo.

Tsopano tikambe za kapulogalamu kanu, chifukwa mbali imeneyi ndi yofunika changu kuposa nkhani yosiya ntchito. Pamene kanali pa foni yanu nokha, kanali koseweretsa, ndipo inu munkadziwa zofooka zake n'kumatsimikiza yankho lililonse m'mutu mwanu. Tsiku lomwe mnzanu adzakagwiritse ntchito pa mwana weniweni nthawi ya 3 koloko usiku, ali wotopa ndipo akukhulupirira kuti munakayesa mokwanira, kadzakhala chipangizo cha chipatala, ndipo udindo wake udzakhala pa inu.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi chomwe mumachidziwa bwino. Mwana wolemera makilogalamu 12 akufunika paracetamol pa mlingo wa 15 mg pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza 180 mg. Ngati mankhwala amadzi omwe ali mu wodi ndi a 120 mg mu 5 ml, mwanayo amwe 7.5 ml. Koma palinso botolo la 250 mg mu 5 ml, ndipo ngati pulogalamu yanu inangoganizira botolo loyambalo osafunsa, 7.5 ml yomweyo idzapereka 375 mg, kuposa kawiri mlingo woyenera. Nanga wina akalemba 120 m'malo mwa 12.0 chifukwa chala chaphonya kadontho, pulogalamu ikana kapena ingowerengera? Nanga akalemba 12,5 pogwiritsa ntchito chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa kadontho, monga amalembera anthu a m'mayiko ambiri, foni iwerenga 12, 125, kapena ikanika? Nanga kulemerako kukakhala kuti kunapimidwa m'mapaundi? Nanga wachinyamata wa makilogalamu 80, yemwe masamu amupatsa 1,200 mg pamene mlingo wa munthu wamkulu sudutsa 1 g pa nthawi imodzi, pulogalamu imadziwa kuima pa malire amenewo? Ndipo pali msampha womwe wapweteka ana ambiri ngakhale popanda kompyuta, wosokoneza mlingo wa pa tsiku lonse ndi mlingo wa pa nthawi imodzi. Masamu enieniwo ndi mzere umodzi wa khodi. Ntchito yeniyeni ili pa mafunso onsewa, pa kulemba mayeso oti kompyuta iziyesa yokha nthawi iliyonse mukasintha kanthu, pa kusunga gwero la mlingo uliwonse ndi tsiku lomwe munautsimikiza, komanso pa kupeza njira yochotsera pulogalamu yakale m'mafoni a anthu mukazindikira kuti inali ndi cholakwika.

Malamulo nawonso amaiona nkhaniyi chimodzimodzi. Ku European Union, lamulo la zipangizo zachipatala la 2017/745, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu May 2021, limaika pulogalamu yopereka uthenga wothandiza kusankha chithandizo cha wodwala m'gulu la zipangizo zofunika kuunikidwa ndi bungwe loima palokha isanagulitsidwe. Palinso muyezo wa IEC 62304 womwe umafotokoza momwe pulogalamu ya chipatala iyenera kupangidwira, kuyesedwera ndi kusamalidwira moyo wake wonse. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, kotero mufufuze a komwe mukugwira ntchito, koma musaganize kuti kupereka pulogalamu mwaulere kapena kulemba mawu akuti "yophunzirira chabe" pansi pake kukutetezani ngati mwana wavulala. Bungwe loyang'anira madokotala lidzakufunsani inu ngati dokotala, osati ngati munthu woseweretsa kompyuta.

Kukhwima kumeneku kunabwera chifukwa cha maliro. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina ochizira khansa ndi cheza otchedwa Therac-25 anapereka cheza chochuluka kwambiri pa ngozi zodziwika zisanu ndi imodzi ku United States ndi ku Canada, ndipo ena mwa odwalawo anamwalira. Chimodzi mwa zolakwikazo chinkaonekera pokhapokha woyendetsa makinawo akakonza zomwe walemba mofulumira kwambiri, ndiye kuti amene anazolowera ntchito ndi amene ankachiputa, ndipo zotetezera zachitsulo zomwe zinali pa makina akale zinali zitachotsedwa pokhulupirira pulogalamu. Nkhani ina yomwe ndimafuna kuti dokotala aliyense wolowa m'gawoli aidziwe ndi ya chipatala cha ana cha ku Pittsburgh, yomwe inafalitsidwa mu 2005. Atayamba kulembera mankhwala pa kompyuta, chiwerengero cha imfa pakati pa ana obwera kuchokera ku zipatala zina chinakwera kuchoka pa 2.80 peresenti kufika pa 6.57 peresenti. Mwa zifukwa zomwe olemba kafukufuku wa nkhaniyi anatchula, dokotala sankathanso kulemba mankhwala mwana asanafike n'kulowetsedwa mu kompyuta, ndipo mankhwala ofunika mwadzidzidzi anali atachotsedwa mu wodi kupita ku famase yaikulu. Akatswiri anatsutsana za kafukufukuyu, ndipo chipatala cha ana cha ku Seattle chomwe chinaika pulogalamu ya kampani yomweyo sichinaone imfa zikukwera. Kwa ine kusiyana kumeneku ndiye phunziro lenileni, chifukwa kukusonyeza kuti khodi ikhoza kukhala yomweyo koma zotsatira zake n'kudalira momwe ntchito ya mu wodi yakonzedwera, ndipo munthu wodziwa wodi ndi amene angaone ngoziyo isanachitike.

Chenjezo lina, lomwe ndilinena mwachidule chifukwa mukulidziwa kale ngati dokotala, ndi la chinsinsi cha odwala. Musatengere deta ya odwala enieni pa laputopu yanu kuti muziphunzirira, musaiike pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo khodi, ndipo musaipereke ku mapulogalamu a AI a pa intaneti kuti akuthandizeni kukonza khodi. Kufufuta dzina sikukwanira. Wofufuza Latanya Sweeney anasonyeza kuti pafupifupi 87 peresenti ya anthu a ku United States akanatha kuzindikirika pongodziwa tsiku lobadwa, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndi nambala ya dera lomwe amakhala. Pophunzira gwiritsani ntchito Synthea, pulogalamu yaulere ya bungwe la MITRE yomwe imapanga odwala ongopeka okhala ndi mbiri yonse, kapena pemphani chilolezo cha MIMIC, nkhokwe ya deta ya odwala a ku Beth Israel Deaconess Medical Center yomwe inakonzedwa kuti ofufuza azigwiritsa ntchito. Muwerengenso mgwirizano wanu wa ntchito, chifukwa olemba ntchito ena amatenga ngati chawo chilichonse chomwe mwapanga pa nthawi ya ntchito kapena ndi zipangizo zawo.

Pa zoti muphunzire chiyani, malangizo anga akhoza kukukhumudwitsani chifukwa si osangalatsa ngati kupanga pulogalamu yokongola ya pafoni. Chinenero chimodzi chomwe mukuchidziwa kale n'chokwanira pakadali pano, kaya ndi Python kaya JavaScript. Onjezerani SQL, chinenero chofunsira nkhokwe ya deta, chifukwa pafupifupi funso lililonse lomwe chipatala chingakufunseni limayankhidwa pofunsa nkhokwe ya deta, ndiponso Git, yosungira mbiri ya zosintha mu khodi, ndi kalembedwe ka mayeso, chifukwa izi n'zomwe zimasiyanitsa munthu wogwira ntchito yekha ndi munthu yemwe angagwire ndi anzake. Kenako thererani nthawi yanu yambiri pa miyezo yomwe mapulogalamu a zaumoyo amalankhulirana. Bungwe la HL7, lomwe limapanga miyezo yotereyi, linakhazikitsidwa mu 1987, ndipo mauthenga ake akale a mtundu wachiwiri, odzaza ndi timizere toimirira, ndi omwe akunyamulabe zotsatira za labotale m'zipatala zambiri. FHIR, njira yatsopano ya bungwe lomweli yomwe katswiri wa mapulogalamu Grahame Grieve anaiyambitsa mu 2011, ndi yomwe mapulogalamu atsopano ambiri akutsata. Pambali pa izi pali ICD ya World Health Organization yotchulira matenda, yomwe mtundu wake wa 11 unayamba kugwira ntchito mu January 2022, SNOMED CT ya mawu a zachipatala, LOINC ya mayeso a mu labotale, ndi DICOM ya zithunzi za X-ray ndi sikani.

Apa ndi pomwe udokotala wanu umaonekera phindu lake. Injiniya akalandira nambala 88 pa creatinine, mayeso a magazi oonera momwe impso zikugwirira ntchito, amangoisunga. Inu mumadziwa kuti 88 µmol/L ndi impso zabwinobwino, pafupifupi 1 mg/dL, ndipo kuti ngati pulogalamu yaiwerenga ngati mg/dL ndiye kuti yapanga wodwala yemwe sangakhalepo. Mumadziwanso kuti shuga wa 7 ndi shuga wa 126 ndi chinthu chimodzi m'miyezo iwiri, kuti malo osalembedwa pa funso la mankhwala omwe wodwala sagwirizana nawo satanthauza kuti palibe, komanso kuti tsiku lomwe matenda analembedwa mu kompyuta si tsiku lomwe anayamba. Zinthu zimenezi mainjiniya amaziphunzira pochita kulakwitsa, pamene inu mumabwera nazo.

Muwonjezerepo luso lounika manambala, makamaka tsopano pamene kampani iliyonse ikulonjeza AI yolosera matenda. Mu 2021 ofufuza a ku yunivesite ya Michigan anayesa pulogalamu ya kampani ya Epic yolosera sepsis (matenda oopsa obwera thupi likamalimbana ndi tizilombo mopitirira muyezo), yomwe inali ikugwira ntchito m'zipatala zambiri, ndipo anapeza kuti inaphonya 67 peresenti ya odwala omwe anali ndi sepsis, pamene inkaliza chenjezo pa 18 peresenti ya odwala onse ogonekedwa. Dokotala yemwe angawerenge zotsatira zotere, n'kufotokozera mabwana a kampani kapena a chipatala kuti machenjezo ochuluka amagonthetsa anamwino mpaka kuyamba kuwatseka osawawerenga, ndi wofunika kuposa dokotala wodziwa zinenero zisanu za pakompyuta. Mapulogalamu a AI omwe amalemba khodi masiku ano akungowonjezera kufunika kwa luso limeneli, chifukwa kulemba kwayamba kuphweka koma kudziwa ngati zolembedwazo zili zolondola ndi zotetezeka sikunaphweke.

Mwanena kuti wodi yakutopetsani, ndipo sindikufuna kudumpha mawu amenewo. Dzifunseni mosabisa ngati chomwe chakutopetsani ndi odwala, kapena ndi kugwira usiku, kuchepa kwa anthu ogwira nawo ntchito, mabwana, ndi kuchuluka kwa zolembalemba. Kafukufuku wa Christine Sinsky ndi anzake mu 2016 anapeza kuti madokotala a ku United States omwe anawaunika ankathera pafupifupi maola awiri pa kompyuta ndi pa desiki pa ola lililonse lomwe ankakhala ndi wodwala. Ambiri omwe amati atopa ndi udokotala amakhala atatopa ndi zimenezi, ndipo mankhwala ake akhoza kukhala kusintha malo, kuchepetsa maola kapena kupuma, osati kutaya ntchito yonse. Munthu wotopa amaona khomo lililonse ngati chipulumutso. Makampani ang'onoang'ono oyamba kumene ali ndi zotopetsa zawo: ndalama zimatha mwadzidzidzi, ntchito imatha popanda chenjezo lokwanira, magawo a kampani omwe amakulonjezani m'malo mwa malipiro nthawi zambiri sasanduka ndalama, ndipo pali ena omwe amafuna dokotala kuti dzina lake liwathandize kugulitsa, osati kuti amumvere akamakana. Pokambirana za ntchito, funsani kuti ndani ali ndi mphamvu yoletsa pulogalamu kutuluka chifukwa cha chitetezo cha odwala, ndipo ndi liti pamene mphamvuyo inagwiritsidwapo ntchito. Mayankho ake adzakuuzani ngati akufuna nzeru zanu kapena chiphaso chanu chabe.

Pa chifukwa chimenechi sindikulangizani kuti mulembe kalata yosiya ntchito tsopano. Yambirani pomwe muli. Ngati chipatala chanu chili ndi komiti yoyang'anira mbiri ya odwala ya pakompyuta, kapena chikukonzekera kuika pulogalamu yatsopano, pemphani kulowamo, chifukwa nthawi zambiri madokotala amaithawa ntchito imeneyi ndipo malo amakhalapo. Kumeneko mudzaona ngati misonkhano, zodandaula za anzanu ndi kuchedwa kwa zinthu mungazipirire. Lowaninso m'gulu la pulogalamu yotseguka, yomwe aliyense angaone khodi yake n'kuthandiza kuikonza, ngati OpenMRS, kapena phunzirani DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira ziwerengero za zaumoyo ya ku yunivesite ya Oslo, yomwe maunduna a zaumoyo m'mayiko oposa 70 amagwiritsa ntchito. Kukonza cholakwika chimodzi chaching'ono mu khodi ya anthu ena, n'kulola kuti akuunikeni ndi kukubwezerani kuti mukonzenso, kudzakuphunzitsani zambiri kuposa timapulogalamu khumi topanga nokha, ndipo ndi umboni womwe olemba ntchito angauone. Digiri ya health informatics imathandiza, makamaka ngati mukufuna udindo waukulu m'chipatala kapena m'boma, koma ndi bwino kuitenga mutayamba mwalawa ntchitoyo.

Mukadzasamuka, sungani chiphaso chanu ndipo ngati n'kotheka pitirizani kuona odwala, ngakhale tsiku limodzi pa sabata. Manja amaiwala msanga, malangizo a chithandizo amasintha, ndipo mabungwe ambiri oyang'anira madokotala amafuna maphunziro obwereza kapena kugwira ntchito moyang'aniridwa kwa munthu yemwe wakhala zaka osaona odwala. Palinso mfundo ina yomwe anthu sainena poyera: madokotala anzanu amamvera mnzawo yemwe anali pa ntchito yoona odwala sabata yatha, ndipo amakayikira yemwe anasiya kalekale koma akubwera kudzawauza momwe azigwirira ntchito.

Zolemba mapulogalamu madzulo musazisiye, ndipo musafulumire kuzisandutsa ntchito yopezera ndalama, chifukwa mwina ndi zomwe zakhala zikukupumulitsani. Mungozipatsa malire. Pangani zokonzera ndandanda ya magwiridwe a usiku, zophunzitsira ophunzira udokotala, zowerengera ziwerengero zopanda mayina, kapena zinthu zosakhudzana n'komwe ndi chipatala. Kapulogalamu ka mlingo wa mankhwala kokha, auzeni anzanuwo kuti adikire. Ngati mukuona kuti kakufunikadi, kapititseni kwa wamkulu wa famase ndi komiti ya mankhwala ya chipatala chanu, mupemphe kuti mlingo uliwonse autsimikize potsata buku lomwe chipatalacho chimagwiritsa ntchito, mupeze injiniya wodziwa kuti aunike khodi yanu, ndipo mufufuze ngati palibe kale pulogalamu yovomerezeka yochita zomwezo. Kuyenda nako m'njira yonseyi kudzakutengerani miyezi, ndipo pofika kumapeto mudzakhala mutagwira kale, pang'ono, ntchito yeniyeni yomwe mukufunsa ngati muilowe.